Nditsitse, Kenani

Mwa anthu onse amene anadzaza bwalo lalikulu la ku Area 48 Loweruka limenelo, panali munthu mmodzi wovala zobiriwira amene ankapempha Mulungu kuti Lingadzi United iluze. Munthuyo anali Kenani, telala wa pakhonde ku Area 2, yemwe uja anasoka theka la mbendera zimene zinkakupizidwa m'bwalomo. Timu imene anaichemerera kuyambira tsitsi lidakali lonse m'mutu inkangofunika kuwina masewero amenewa kuti itenge ligi, koma iye sankafuna. Musamuseke. Kenani anali ndi lonjezo, ndipo paja lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane.

Nkhani yake inayambira pa maliro amasewera. Masapota a Lingadzi anali ndi mwambo wawo: timu ikawina, ankaika maliro a timu yogonjayo. Munthu mmodzi ankagona chagada n'kuuma gwa, anzake n'kumufunditsa nsalu yoyera, n'kumunyamula pamapewa ulendo wa ku Old Town, nyimbo zamaliro zili pakamwa, ena akudzigwetsa pansi, “Mayo ine, wandisiyira yani!” Amipingo ankati zimenezo n'zamalodza. Masapota ankayankha kuti malodza n'kuluza. Anthu ampirafe mitu yathu siyenda bwino, ndinene poyera.

Mtembo wake sunkasintha. Anali Lemson, wowotcherera zitsulo kuseri kwa msika, mnzake wa Kenani wa ponda apa m'pondepo. Lemson ntchito yakufa ankaidziwa. Ankati akauma, ngakhale ntchentche imutere pamphuno, osagwedezeka, moti tsiku lina wapolisi wapamsewu anavula chipewa poona ulendowo ukudutsa.

Ndiye m'mawa wina Lemson anafika pakhonde paja n'kuponya kabuku kakuchipatala pamakina osokera.

“Undisungire aka, aise. Akuti mtima wanga watupa. Ndisiye mchere, ndisiye mowa, ndisiyenso zokuwakuwa kumpira. Marcelina akangokaona, kubwalo sindidzapondakonso.”

Marcelina anali mkazi wake. Kenani anaseka, n'kukaika kabukuko m'dirowa, pansi pa mabatani ndi mazipi. Ankaona ngati akuthandiza mnzake.

Patapita miyezi itatu, Lingadzi inakwapula timu ina ya ku Blantyre zigoli ziwiri kwa duu kubwalo la Civo. Lemson anagona, anamufunditsa, anamunyamula. Kenani ndiye anali kumutu, paphewa lamanzere, kamwa la Lemson lili pafupi ndi khutu lake. Kutsogolo kunali Ackson, mkulu wa masapota, akuimba ng'oma ngati yamulakwira. Atayandikira kachipatala kena ka m'mbali mwa msewu, dzanja linatuluka m'nsalu muja n'kugwira kolala ya Kenani.

“Kenani, nditsitse. Pachifuwa.”

“Mtembo sulankhula, iwe! Gona!”

“Sindikusewera. Nditsitse.”

Koma Lemson anali munthu wanthabwala. Si kamodzi kapena kawiri iye kudzuka pakati pa ulendo n'kupempha ndudu, anthu n'kufa nazo kuseka. Kenani analibweza dzanjalo m'nsalu, n'kukweza nyimbo. Kachitatu mawu anatuluka ang'onoang'ono, dzina lokha basi. Anadutsa geti la kachipatalako, anawoloka mlatho wa Lilongwe, maminibasi akuliza mahutala, amayi ogulitsa tomato akululuta. Pofika ku Area 2 anamutsitsa pakhonde pa Kenani pomwepo, Ackson n'kuliza wezulo yoti mtembo udzuke, monga mwa masiku onse. Sunadzuke.

Maliro enieni anachitikira kwawo ku Mitundu, ndipo kumeneko n'komwe Kenani anachimwa kachiwiri. Achibale anakana kumva. Munthu wadzitho ngati ameneyu, ankatero, sangafe ngati nkhuku yachitopa, osadandaulako ngakhale mutu. Anafunsa amene anamuphikira tsiku limenelo. Anali Marcelina. Kenaka mayi wina woyandikana nawo nyumba ku Biwi anakumbukira kuti anamumvapo Marcelina akukalipa, “Muzingosewera nayo imfayo, tsiku lina mudzagona zenizeni!” Basi, mlandu unatha. Atsibweni ake a Lemson, a Chikaonda, anatembenukira kwa Kenani pamaso pa anthu onse.

“Inu bambo, akuti munali kumutu. Sanalankhule kanthu mphwangayu? Kapena munamvapo kuti ankadwala?”

Kenani anayang'ana anyamata okumba manda ali chilili ndi makasu awo, mantha n'kumugwira.

“Ayi, sanalankhule. Za matenda sindinamvepo.”

Achibalewo sanamulole Marcelina n'kuponya dothi komwe. Anachoka ku Mitundu tsiku lomwelo, ana awiri kumbuyo, dzina la mfiti lili pamutu. Anthu atabalalika, Kenani anabwerera pamtumbira yekha n'kunena kuti, “Lemson, tsiku limene tidzatenge ligi ndidzaulula zonse.” Linali lonjezo la munthu wamantha, chifukwa Lingadzi inali isanatengepo ligi chiyambire. Inali timu yongopulumukira m'kamwa mwa mbuzi chaka ndi chaka.

Zaka zisanu ndi ziwiri zinadutsa, koma Lemson paphewa paja sanatsikepo. Phewa lamanzere la Kenani linkalemera m'mawa uliwonse, akuchipatala n'kumangoti ndi makina, asinthe mpando. Malaya a kolala anasiya kuvala. Choopsa kwambiri chinali kubwalo. Lingadzi ikagoletsa, chinamtindi cha anthu n'kuphulika, pansi pa phokoso lonselo iye ankamva mpweya wofunda kukhutu, ndi kamawu kaja koitana dzina lake. Kumpira sanasiye kupita, poopa kuti anthu angafunse. Marcelina anapeza ntchito yophika kwa banja lina la ku Rumphi ku Area 47, ndipo Kenani ankasokera ana ake mayunifolomu mwaulere. Mayiyo akabwera kudzawatenga ankagwada pakhonde, “Alamu, Mulungu akudalitseni, ndinu nokha amene simunanditaye.” Tsiku limenelo Kenani sankadya.

Chaka chino Lingadzi inangoyamba kuwina ngati yalodzedwa. Anzake akuvina, iye ankawerenga mapointi thukuta lili kamukamu. Ndipo m'mawa wa Loweruka limeneli anatsegula dirowa ija, anatenga kabuku kaja, n'kukalowetsa m'thumba lamkati. Mlandu suola.

Mpira wake unali wamoto. Alendo ochokera ku Mzuzu anagoletsa pa mphindi khumi ndi ziwiri, bwalo lonse zii, Kenani yekha n'kupumira m'mwamba chamumtima. Manyazi anamugwira pomwepo. Asanapite kokapuma, wotchinga kumbuyo wa Lingadzi anatchera munthu mwendo, refa n'kumuonetsa khadi yofiira. Anthu anatukwana refayo ndi mtundu wake wonse. Bambo wina wa tayi, wooneka kuti ndi wa ku Capital Hill, anavula nsapato kuti aponye, mkazi wake n'kumugwira dzanja.

Chigawo chachiwiri anyamata khumi aja anabwera ngati anthu ena. Anabweza chigolicho pa penate. Kenaka anaumenya mpira pamtengo kawiri, goloboyi wa alendo akuuluka uku ndi uku, wina akutuluka pamachira. Kufanana mphamvu sikunali kokwanira, Kenani ankadziwa, ndipo maso ake anali pa wotchi yaikulu ya m'bwalomo. Mphindi makumi asanu ndi anayi zinakwana. Refa anawonjezera zinayi. Itatsala imodzi, Lingadzi inapeza kona, ndi goloboyi yemwe anathamangira kutsogolo. Mpira unabwera mokhota, mitu inadumpha, ukonde n'kugwedezeka.

Eee, bwalo linang'ambika! Amuna akuluakulu ankalira ngati ana, osadziwana ankakumbatirana, wogulitsa mtedza anamwaza lichero lonse m'mwamba. Ndipo Kenani, amene anapemphera tsiku lonse kuti aluze, anapezeka ali m'mwamba akukuwa, chifukwa thupi la sapota silifunsa mwini wake. Anatera pansi, n'kumva mpweya uja kukhutu. Ulendo uno mawu sanali ang'onoang'ono.

Ackson anamupeza pageti, ng'oma ili pamimba, mawu atasasa. M'dzanja anali ndi nsalu yoyera. Mwambo wa maliro uja anali atausiya chifere Lemson.

“Kenani, aise, tatenga! Lero tiika maliro a ligi yonse. Munthu sitigoneka ayi, tinyamula nsalu yokhayi, kukumbukira m'bale wathu. Iwe gwira kumutu, malo ako.”

Anaitambasula anthu anayi, nyimbo n'kuyamba. Kenani anagwira ngodya yake. Nsalu yopanda kanthu, yoti mwana angainyamule ndi chala, koma inamukokera phewa pansi. Anayang'ana anzake atatu aja. Iwo ankangovina. Anaisiya ngodyayo n'kutembenuka.

“Ukupita kuti, iwe? Tauni ili uku!”

Kenani anangopitirira. Ku Area 47 sikunali kutali, anangoyenda wapansi. Gulu la zobiriwira linkatsikira ku tauni, iye akulowera kwina, mpaka phokoso linatsala kumbuyo. Kumeneko n'kwa mipanda italiitali, agalu akuuwa osaoneka. Mlonda wina anali akuvina yekha pageti, kawailesi kali kukhutu, ndipo ataona malaya a Kenani anakuwa, “Achimwene, ndi yathu!” Kenani anangokweza dzanja. Kumwamba kunali kutada, mvula ya mu Disembala ikukonzeka.

Marcelina anamutsegulira geti laling'ono ali ndi dengu la zovala, anali akuanula. M'nyumba yaikulu abwana ndi alendo awo ankamveka akuseka pa TV.

“Alamu! Mwawina, ndamva! Koma mnzanu uja akanakhalapo lero, bwenzi tauni yonse itamumva.” Anamwetulira, kenaka n'kumuyang'anitsitsa. “Nanga nkhope imeneyi? Kwagwanji?”

Kenani ananjuta pafupi ndi chingwe choyanikira zovala, n'kutulutsa kabuku kaja ndi manja awiri. Marcelina anaika dengu pansi. Anawerenga dzina, anatsegula, anawerenga tsiku, milomo ikugwedera pang'onopang'ono.

“Kanali kuti aka?”

“M'dirowa mwanga, alamu. Anandisungitsa. Ankaopa kuti mumuletsa mpira.”

Atayamba sanathenso kuima. Ananena za dzanja pakolala, za mawu aja, za mmene anayankhira, za bodza la ku Mitundu. Ananenanso za lonjezo la pamtumbira. Misozi inkagwera pamalaya obiriwira aja, iye osaipukuta. Marcelina sanakuwe. Bola akanakuwa.

“Anakuitanani kangati?”

“Katatu.”

“Munali pati?”

“Pafupi ndi kachipatala kaja tisanafike pamlatho.”

“Pafupi bwanji?”

Kenani anayang'ana uku ndi uku, n'kuloza geti limene analowera. “Ngati apa ndi apo.”

Marcelina analiyang'ana getilo nthawi yaitali. Madontho oyamba a mvula anayamba kugwa pazovala za abwana, koma sanazigwire.

“Tamando wanga ali Sitandade 6 anabwera kuchokera kusukulu osadya,” anatero. “Anandifunsa kuti, amayi, n'zoona munawapha adadi? Ndinalibe chomuonetsa. Ndinangolumbira. Yunifolomu imene anavala tsiku limenelo munasoka ndinu.”

“Ndalakwa, alamu. Ndinachita mantha. Mawa lomwe ndipita ku Mitundu, ndikanena pamaso pa a Chikaonda, pamaso pa amayi ake a Lemson, aliyense amve kuti inu mulibe mlandu.”

“Amayi ake anaikidwa mu Julayi.”

Kenani anadzutsa mutu. Anali asanamve za maliro amenewo.

“Nditamva kuti adwalika ndinapempha tchuthi, ndinapita. Ndinawaphikira phala la mtedza, lomwe ankalikonda. Amayi aja ndi amene anandichengeta pa mimba yanga yoyamba, ankanditcha mwana wawo, osati mpongozi. Atandiona pakhomo anatembenukira kukhoma. Anauza mdzukulu wawo kuti akataye phalalo m'chimbudzi, kuti ngakhale galu asalinyambite. Ndinkawakonda amayi aja, a Kenani. Apita akudziwa kuti ndinawaphera mwana. Amenewo mukawauza bwanji?”

Marcelina anapitiriza.

“Ndiye mukuti munkadikira ligi. Moyo wanga, ana anga, munazimangirira ku mpira. Akanapanda kugoletsa mnyamata uja lero, bwenzi muli kwanu mukudya, eti?”

“Eya,” anatero Kenani, chifukwa bodza linali litamuthera.

Marcelina anapinda kabukuko n'kukamanga pansonga ya chitenje. Anatola dengu lake. Chakutali, kumsewu waukulu, ng'oma ndi mahutala zinkamvekabe, mzinda wonse ukusangalala.

“Mawa sikisi koloko mundipeze ku depoti. Mukanena kwa amene atsala, Tamando ali pomwepo. Mukatha, bambo, pakhonde panu sindidzapondaponso, ndipo mawu oti alamu musadzawatchulenso kwa ine.”

Anamutsegulira geti, anadikira kuti atuluke, n'kulowetsa loko.