Duriyani wa Bambo Apita ku Seria

M'boma lathu la Belait aliyense ali ndi chonyadira. A ku Kuala Belait ali ndi maofesi ndi doko. A ku Seria ali ndi mafuta, ndi zitsulo zopopa zija zongogwedeza mutu tsiku lonse ngati zikuvomera mlandu. Ku Sungai Liang kuli mafakitale. Ife a ku Labi, kumtunda kuno, tili ndi matope ndi mitengo ya zipatso basi.

Mkulu wanga Maimunah anakwatiwa ku Seria ndi Awang Jumat, wogwira ntchito kuzitsime za mafuta za m'nyanja. Bambo atamwalira, amayi anasankha kukakhala kwa mkulu wangayo. Ndisabise, zinandiwawa ndipo zikundiwawabe. Ine amene ndinkawasisita miyendo ndinagonja kwa nyumba yozizira ndi makina.

Chinanditsalira ndi mtengo wa bambo wa duriyani, chipatso chachikulu chaminga, cha fungo lamphamvu. Duriyani sathyola, amadikira agwe yekha, ndipo wa mtengo umenewu sitinkatumizira munthu. Womufuna ankabwera kudzadikira pamsasa wa pafupi ndi mtengowo. Choncho chaka chilichonse amayi ankabwera, n'kukhala nane mwezi wathunthu.

Chaka chino Maimunah anandiimbira lamya.

"Iwe Salbiah, alamu ako agula duriyani wa ku Thailand m'sitolo. Kukula kwake! Amayi anyambita ndi zala zomwe."

"Wothyola wosapsa uja? Achemwali, mafutawo akuphani lilime."

"Nsanje iwe, udzafa nayo."

Mtima unandiwira. Zipatso zisanu ndi chimodzi zoyamba zitagwa, ndinazilonga m'galimoto, fungo lili guu, mpaka kukazitula pakhonde lawo la matailosi ku Seria. Ndinkafuna kuona nkhope ya Maimunah, ndipo ndinaionadi. Anadya nkhope ili pansi, Jumat n'kumapempha china. Ndinabwerera ndikuimba njira yonse. M'mawa mwake ndinasesa msasa n'kuyala mkeka watsopano m'chipinda cha amayi, poti mtengo unali udakali wodzaza.

Lachitatu lamya inalira. Anali amayi.

"Mwana wanga, Mulungu akudalitse. Msewu wa ku Labi umandiopsa, msanawu sukundilola. Ndimati ndingolimba mtima ndibwere, koma wandipeputsira ulendo. Uzingobweretsa choncho, wamva?"

"Ndamva, amayi."

"Mkulu wako akuti Loweruka ubweretse khumi."