Utsi pa Shedi ya pa Thanki

Aliyense ku Mponela amaidziwa shedi ya pa Thanki. Ili kuseri kwa msika, pansi pa thanki yamadzi yoima pa miyendo yachitsulo, imene inadyedwa ndi dzimbiri kalekale. Susana wa ku Chisepo ankasankha fodya m'menemo.

Lachiwiri limenelo antchito anali atapangana kunyanyala. Nkhani inali ya zitseko. Kapitawo, a Lester, ankawakhomera mkati ati kuti asabe fodya, ndipo sabata yapitayo mtsikana wina anakomoka ndi fumbi, osatulutsidwa msanga. Wotsogolera sitalakayo anali Vinsenti, mlongo wake wa Susana. Koma Susana anali kumaliro kumudzi, foni itazima. Anafika molawirira pa kabaza n'kulowera kachipata kakumbuyo osadziwa kanthu.

Mkati anapezamo amayi ochepa chabe atakhala duu pa mabelo.

"Anthu ali kuti, amayi?" anafunsa a Faines, amene anali wamkulu pa onsewo.

"Sunamve, mwanawe? Anyanyala. Ife a kapitawo anatiopseza kuti wosalowa lero asadzabwerenso."

Susana asanatembenuke, loko analira kunja kwa chitseko.

Sipanatenge nthawi, nyimbo inamveka kuchokera kumsewu. Inkayandikira ndithu, ndipo mawu anali ochuluka kuposa antchito a pashedipo. Anyamata a pamsika anali atalowererapo. Mwala woyamba unagwa pamalata, mayi wina n'kukuwa. Kenako miyala inachita kuvumba.

A Faines anagwira Susana pamkono.

"Ndinaziona izi ku Blantyre m'chaka cha 1992," anatero monong'ona. "Amuna anga ankagwira ntchito kufakitale. Zinayamba ndi nyimbo ngati imeneyi. Pofika masana tinkathawa mfuti, ana kumsana. Anzawo ena sitinawaonenso."

"Musanene zimenezo, amayi, chonde."

Apo n'kuti fungo litayamba kulowa, fungo la tayala lopsa. Susana anayang'ana mabelo ofika kudenga, fodya wouma gwa. Anathamangira pamng'alu wa chitseko. Anaona utsi wakuda ukukwera m'munsi mwa thanki. Anaonanso a Lester akudumpha mpanda wakumbuyo, makiyi akulira m'chiuno.

"A kapitawo! Titsegulireni!"

Sanacheuke n'komwe.

"Tiiotche!" wina anafuula pagulupo. "Ipse ndi fodya wake yemwe!"

Amayi anayamba kulira, ena akupemphera mokweza. Susana anamenya chitseko ndi manja mpaka zala zinachita dzanzi, koma phokoso lakunja linameza zonse. Mnyamata wina wovala malaya ofiira anali akukunkhuniza tayala loyaka ndi mtengo kulunjika kukhoma. Susana anatola chitsulo cha pasikelo n'kuyamba kumenya lata, akukuwa dzina limodzi basi.

"Vinsenti! Achimwene! Muli anthu muno!"

Mawu anasasa. Utsi unkalowa pansi pa chitseko, a Faines akutsokomola atagwada. Kenako nyimbo inaduka pang'onopang'ono, kuyambira kutsogolo.

"Khalani chete!" Anali mawu a Vinsenti. "Ndani ali mkatimo?"

"Ndine Susana! Atikhomera!"

Kunja kunamveka mgugu wa mapazi, anthu akukankhana. Chinthu cholemera chinagunda chitseko, kenakonso, kenakonso. Amayi ena anathawira kuseri kwa mabelo, poganiza kuti akubwera kudzawamenya chifukwa cholowa ntchito. Loko anathyoka, kuwala kunalowa limodzi ndi utsi.

Vinsenti anaima pakhomo ndi chitsulo m'manja, thukuta lili kamukamu. Kumbuyo kwake amuna awiri ankakwirira tayala lija ndi dothi, litafika kale pafupi ndi khoma.

"Iwe, ukutani muno?" anakalipa. "Ndakuimbira usiku wonse!"

Susana anatuluka n'kukhala pansi pafumbi. Mlongo wakeyo anagwada pambali pake n'kumugwira paphewa. Gulu lonse linaima likuona amayi akutuluka mmodzimmodzi, a Faines atanyamulidwa. Wa malaya ofiira uja anali atazemba.

Galimoto ya apolisi itafika, anthu anabalalika. Vinsenti sanathawe. Anamutenga ndi chitsulo chake chomwecho, pa mlandu wothyola chitseko.

M'mawa mwake Susana ndi a Faines anapita kupolisi kukafotokoza zimene zinachitika. A Faines ankayenda pang'onopang'ono, akupuma pakhonde la sitolo iliyonse, koma anakana kubwerera. Vinsenti anamutulutsa Lachisanu. Ntchito yokha sanamubwezere, ndipo pano amagulitsa tomato m'mbali mwa msewu wa ku Ntchisi.