Ayezi Wofuka Utsi

Magetsi anazima m'mawa mwa tsiku lokumbukira kubadwa kwa mapasa, ndipo pofika masana ayisikilimu anali atayamba kuyenderera m'firiji. Mayi a mapasa mutu unaima, chifukwa ana oitanidwa anali atadzaza kale pabalaza.

"Imeneyi ndi nkhani yaing'ono," anatero amuna awo, munthu amene chibadwire sananenepo kuti sindikudziwa. Analiza galimoto kukagula ayezi wouma, uja amaziziritsira katundu popanda firiji.

Pobwera anatsika akudzandira, akupuma mwawefuwefu.

"Kodi mwadzera kumowa?" anafunsa mayiwo.

"Mowa wanji dzuwa lili paliwombo? Ndinatseka mawindo onse kuti ayeziyu asasungunuke. Mutu ukungowaza basi."

Atatsegula bokosi la ayeziyo m'khitchini, utsi woyera unatsikira pansi ndipo ana anaomba m'manja. Bambowo anathira tizidutswa tina m'botolo lapulasitiki n'kumanga chitsekerero kuti tikhale ta mawa. Kenako anafumbata chibuluma chachikulu kuti aonetse ana. Sipanathe nthawi, anachiponya uku akuvina gule wopanda ng'oma. Zala zinali zitayera mbuu.

"Tikitani kwambiri, mupakepo mankhwala otsukira mano," analangiza a neba, amene anabwera kudzathandiza. "Otsalawo tiponye mu zakumwa za anawa, zizifuka ngati za m'mafilimu."

Mayi a mapasa anali atanyamula kale makapu, koma mtima unkakana. Chinthu choyeretsa zala za munthu wamkulu chikatani pakhosi pa mwana? Ali chiimire choncho, analowa achemwali awo, amene ndi namwino, atanyamula mphatso.

"Tula makapuwo, mng'ono wanga," anatero atamva zonse. "Ayezi ameneyu si madzi oundana ayi. Ndi mpweya woipa, uja timautulutsa popuma, koma auumitsa. Amazizira mpaka kuwotcha khungu. Mwana akameza, amapsa kukhosi ndi m'mimba."

Anatsegula mawindo, kenako anaviika dzanja la mlamu wawo m'madzi ofunda pang'ono. "Osatikita, osapaka kanthu. Pakatuluka matuza tipita kuchipatala. Mutu ukuwazawo, alamu, ndi mpweya umene unadzaza m'galimoto. Mukanapita patali mukanakomokera pachiwongolero. Wogulitsa sanakuuzeni?"

"Amalankhula ndithu, koma ine ndinali pachangu."

"Nanga ayezi wina mwaika kuti?"

Bambowo analoza botolo ndi chibwano. Linali litafufuma ngati chule.

"Aliyense panja, ndipo wina asalikhudze," anatero namwino. Mayi a mapasa anakoka ana awo, wina dzanja ili wina ili. Atangofika pabwalo, m'khitchini munamveka phuu, ndi makapu akusweka. A neba, amene amadandaula bondo chaka chonse, anapezeka ali kale kugeti.

Atawerenga ana n'kupeza kuti onse alipo, mayiwo anangokhala pansi. Kenako chiseko chinawagwira mpaka misozi.

Namwino anafotokoza kuti ayeziyu sasungunuka kukhala madzi, amabwerera kukhala mpweya, ndiye ukamutsekera amaphulitsa chotengera. Anapana chibuluma chija ndi chopanira, n'kuchiika m'bokosi pamodzi ndi ayisikilimu, chivundikiro chongoyedzeka, pakhonde podutsa mphepo pomwe ana sangafike.

Ayisikilimu analimbanso, phwando linapitirira. Bambo a mapasa anakhala pampando dzanja lili m'beseni, mapasa akusinthana kuwadyetsa ndi supuni.

"Alamu, mwaphunzirapo chiyani lero?" anafunsa namwino.

Bambowo anameza kaye. "Zonsezi ndimazidziwa. Ndimangofuna kuti ana aone ndi maso."

"Aona," anatero akazi awo. "Tsache lili kuseri kwa chitseko."

Phunziro: Ayezi wouma sagwiridwa ndi manja opanda magolovesi okhuthala, saikidwa mkamwa kapena mu chakumwa, ndipo satsekeredwa m'botolo. Pomunyamula tsegulani mawindo, pomusunga sankhani malo odutsa mphepo, kutali ndi ana. Wogulitsa akamalankhula, yambani mwamvetsera.