Mafuta a Makina Anga ndi Charger ya Hollis

Delbert Pruitt, mlamu wanga, tcheyamani wa kalabu yanu ya magalimoto akale, wachotsa Charger ya mwamuna wanga patsogolo pa mdipiti wa Loweruka. Ndalemba dzina lake lonse kuti wina asadzanene kuti ine Loretta ndimalankhula mozungulira.

Mwambowu mukuudziwa, munauyambitsa ndinu. Membala akamwalira, chilimwe chotsatira galimoto yake imatsogolera mdipiti kuchokera pabwalo la chionetsero mpaka kumanda, ndipo woyendetsa amakhala mkazi wake. Zaka makumi atatu ndakhala ndikuphikira midipiti ya amuna a anzanga. Hollis anamwalira mu Januwale. Chaka chino ndi chake. Koma Delbert akuti ayi, patsogolo pakhale Mustang yake, Charger ya 1969 aikweze pangolo kumbuyo kwenikweni ngati ng'ombe yothyoka mwendo.

Mlandu wake? Injini ikulira kuti tswii.

Zinayamba mu Meyi, tsiku limene ndinaivundukula m'garaja. Nditailiza inabangula monga mwa masiku onse, mawindo akukhitchini mpaka kunjenjemera. Koma pansi pa kubangulako panali kamawu kena, tswii-tswii-tswii, ngati khoswe wopanidwa ndi chitseko. Ndikaponda moto, nako kufulumira. Ndinalakwa chinthu chimodzi chokha. Ndinaimbira foni Delbert.

Anabwera m'mawa mwake ndi Orville Stamm, uja anagulitsapo matayala zaka ziwiri kalekale, ndiye mpaka lero amadziyesa dokotala wa mainjini. Anatsegula boneti, onse awiri manja m'chiuno.

"Ndi lamba ameneyu," anatero Orville. "Mayi, tatipatseni sopo."

"Mwaganiza zosamba tsopano, a Orville?"

"Wopaka lamba, mayi."

Anapaka sopo wanga wonunkhira uja. Tswii. Anawaza madzi. Tswii. Anachotsa lamba yense, nkuiliza ilibe lamba. Tswii-tswii-tswii.

"Basi, ndi pampu ya madzi," anatero Delbert.

"Pampuyo ikuzungulira bwanji, alamu, lamba wake ali m'manja mwanumo?"

Anayang'ana m'manja mwake. Kenako anayang'ana ine.

"Mlamu, katiphikireni khofi. Izi ndi za amuna."

Ndinawaphikira khofi. Za amunazo zinatenga maola atatu komanso theka la payi wanga wa maapozi. Pomaliza Delbert anapukuta pakamwa, nkundigwira paphewa monga amachitira abusa pamaliro.

"Mlamu, limbani mtima. Vuto lili m'kati mwenimweni. Maberingi atha. Ikakatifera pakati pa tauni anthu akuonerera, kalabu yonse ichita manyazi."

"Maberingi amalira tswii? Hollis ankati amagogoda."

"Hollis kulibe, mlamu."

Zikomo kwambiri alamu, ndinali nditaiwala. Ndimangodabwa kuti bedi lakula chotere bwanji.

Lachitatu kalata yanu ya mwezi ndi mwezi inafika. Mustang patsogolo, chithunzi chake chachikulu, Delbert atatsamira chitseko, mimba atakokera m'kati. Dzina la Hollis pansi, timalemba tating'ono.

Tsono mverani. Sukulu ndinalekezera giredi sikisi, koma makutu sindinawasiye kumeneko. Zaka makumi anayi ndi chimodzi wogwira tochi m'garaja muja ndinali ine. Hollis sankalosera ngati anzakewa. Anali ndi kachidutswa ka paipi yothirira maluwa. Mbali ina ankaika kukhutu, mbali inayo nkumayendetsa pa injini pang'onopang'ono, mpaka phokoso litadziulula lokha. Paipiyo ndinaipeza ili pamsomali pake. Ndinamanga tsitsi kuti fani isandizule mutu, ndinailiza galimoto, nkuyamba kumvetsera.

Pa kabureta, mpweya wokhawokha, fuuu. Pamwamba pa mavavu, tiki-tiki ngati wotchi, zabwinobwino. Nditafikitsa paipi pa disitibyuta, kaja kogawira moto ku mapulagi, ndinatsala pang'ono kugontha. Tswii yense amachokera mmenemo.

Ndinazimitsa, ndinamasula tizitsulo tiwiri togwira chivindikiro, ndinazula kachala kozungulira ka m'katimo. Pansi pake pali kathonje kakang'ono ngati batani la malaya. Kanali gwa, kouma ngati bisiketi. Ngakhale mwana angaone kuti kankafuna mafuta. Ndinayamba kusakasaka pashelefu ya Hollis, ndikusuntha zitini zake za misomali. Kuseri kwake ndinapeza timabotolo khumi ndi kamodzi, tondandalikidwa bwinobwino ngati asilikali. Timabotolo ta mafuta a makina anga osokera. Tonse topanda kanthu.

Zaka zonsezi! Ndinakangana ndi mng'ono wanga Nadine chifukwa cha mafuta amenewa, ndikuganiza kuti amandibera ndi iye, sitinalankhulane Khirisimasi yathunthu. Ndikadandaula, Hollis ankangoti, "Mwina amauma okha, mkazi wanga, mafuta amatero," maso ali pa nyuzipepala. Ndiye Lamlungu loyamba la mwezi uliwonse, tikangochoka kutchalitchi, ankalowa m'garaja tayi ili m'khosi, akuti akukapereka moni kwa galimoto. Moni wake anali mafuta anga. Wakuba wachabechabe. Kuyambira Januwale palibe amene anakapereka moniyo.

Ndinakhala pa tayala lakale nkumutukwana mokweza. Zina zimene ndinachita pa tayalapo sizikukukhudzani.

Kenako ndinakatenga kabotolo katsopano m'kabati ya makina. Madontho atatu pakathonje, limodzi pamene pamakhulana zitsulo. Ndinabwezera zonse, nkudikira mafuta alowerere. Ndinailiza. Inabangula. Ndinadikira tswii uja. Ndikumudikirabe mpaka lero.

Ndinaiyendetsa mpaka kwa Delbert. Ndinamupeza akupukuta Mustang yake ndi thewera la mdzukulu wake. Ndinaima pageti, nkuponda moto katatu, galu wake kuthawira kunsi kwa khonde.

"Mwakaikonzetsa kwa makaniko uti, mlamu?"

"Kwa telala. Tabwerani mumvetsere maberingi anu aja."

Anaweramira mu injini, anapendeketsa mutu uku ndi uku ngati nkhuku. Palibe chimene anamva.

"Ikhoza kuyambiranso," anatero. "Komanso komiti inagamula kale. Mapepala tinasindikiza kale."

"Ndiye m'bale wanu atsogoleredwe ndi mimba yanu chifukwa cha mapepala?"

"Musakwiye, mlamu. Ndikudziwa kuti chisoni chimasokoneza mutu."

Mutu wosokonezekawo ndi umene wapeza m'mphindi khumi chimene madokotala awiri analephera ndi sopo.

Ndiye ndikufunsa inu nonse amene mwaima pa bolodi la kalabu nkumawerenga pepalali, inu amene munanyamula bokosi la Hollis nkudya nyama yanga pambuyo pake. Komitiyo ndinu. Loweruka naini koloko ndidzakhala pageti la bwalo, injini ikulira, kabotolo kali m'chikwama. Charger ikhala patsogolo kapena ayi? Musanditumizire Orville, musandibweretsere maluwa. Pansipa ndasiya malo, ndipo pensulo ndamangirira pachingwe. Aliyense alembe dzina lake ndi yankho lake, ndidziwe amene ndidzamudutse ndi Charger pamsewu.