Kompyuta Anaigawa Patatu

Mng'ono wanga Perpetua anali taipisiti, ndipo zala zake zinkathamanga moti ukaziyang'anitsitsa unkachita chizungulire. Koma kampani yomwe ankagwirako ntchito ku Lusaka itagulitsidwa mu 1996, eni ake atsopano anabwera ndi makompyuta, mataipisiti onse n'kuwauza kuti zikomo, pitani bwino. Basi iye ndi mwamuna wake, ba Humphrey, anabwerera kuno ku Palabana, pa kamunda kawo koyandikana ndi kanga.

Ba Humphrey n'kuti atayamba kale kudwala. Anali matenda aja amene masiku amenewo sitinkawatchula dzina, tinkangoti munthu watha thupi. Eni akewo ankadziwa kumene akupita, ndipo ndiwo anamukankha mkazi wawo kuti abwerere kusukulu.

"Amake Mwiza," ankatero, "chamene chakuchotsa nchito ndiye uchiphunzire. Ine sinizankhalapo masiku onse. Bana bazadya chani?"

Ndiye Perpetua analembetsa pa kakoleji kena m'tauni, kapamwamba pa sitolo ya nsalu. Sankaphunziranso kutaipa ayi, koma kukonza makompyuta ndi kuthandiza anthu a m'maofesi makinawo akawavuta. Mamawa ankasambitsa wodwala, kundisiyira phala lake, n'kuthamangira minibasi kumsewu. Satifiketi yoyamba anaitenga. Ofesi ina ya alimi pa boma ku Chongwe inali itangogula makompyuta popanda wodziwa kuwasamala, ndipo anamuuza kuti akangobwera ndi satifiketi yomaliza, ntchito ndi yake. Ntchito imeneyo ndiyo inali moyo wa ana ake, palibenso china chomwe ankadalira.

Mphunzitsi wawo, ba Chipasha, anali ndi kachitidwe kawokawo. Mayeso omaliza sankalemba pa pepala. Wophunzira aliyense ankabwerekedwa kompyuta yakufa ya sukulu kuti akaidzutse kwawo, n'kudzaiyatsa pamaso pawo tsiku la mayeso. Wobwera chimanjamanja analibe mayeso, analibenso satifiketi. Anawauziratu zimenezi mosapsatira.

Perpetua anabwera nayo ataikulunga m'zitenje. Inali ya zigawo zitatu: sikirini yooneka ngati tivi yaing'ono, kiyibodi yotaipira, ndi bokosi lachitsulo momwe mumakhala zonse zoiyendetsa. Kwathu kulibe magetsi, choncho ankatsegula bokosilo pa mphasa pafupi ndi bedi la wodwala, n'kumazula tizidutswa, kupukuta, kubwezeretsa. Ba Humphrey ankamuyang'ana atatsamira pilo.

"Odwala tachuluka m'nyumba muno," ankaseka. "Uyambe kuchiritsa uyo, ine nizayembekeza."

Loweruka lililonse ankaimanga pa njinga kupita nayo ku golosale komwe kuli magetsi kuti akaiyese. Nthawi zambiri ankabwerako nkhope ili gwa. Koma Loweruka lina ndinamva munthu akukuwa kuchokera kumsewu, "Ba Jenny! Ba Jenny, yayaka!" Anavina pabwalo mzimayi wamkulu wa ana atatu, ine n'kumululutira. Ba Humphrey anaomba m'manja ali gone. Sabata yomweyo anatisiya, mayeso atatsala pang'ono.

Abale a mwamuna anabwera kuchokera ku Kanakantapa ndi lole, ati yonyamulira olira. Ine nditangoiona loleyo mtima unandiuza kale.

Mukudziwa mmene zimakhalira ndi namfedwa. Amakhala pakona, mutu pansi, osayankhula mpaka a kuchimuna atamumasula. Akangotsegula pakamwa pa nkhani ya katundu, basi ndiye wapha mwamuna ndi iyeyo. Perpetua anakhala pakona pakepo monga mwa mwambo.

Tsiku lotsatira titaika maliro, katundu yense anamutulutsa pabwalo. Wogawa anali ba Yotam, amalume a malemu. Musaganize kuti iwo ankadziona ngati wakuba, aa! Ankanyadira kuti pa maliro omwe agawa iwo palibe amapita kwawo akudandaula. Bedi linapita, njinga inapita, wailesi, suti, mipando. Kenaka anyamata anatulutsa kompyuta ija n'kuiika pa mphasa.

Ba Yotam anaizungulira, manja kumbuyo.

"Iyi tivi ipite kuli Lawson, ndiye mukulu wa malemu. Iyi taipi tenga iwe Dainess, mwana wako ali ku sekondale." Anagogoda bokosi lija ndi ndodo. "Abraham, iwe sunatengeko kanthu. Nyamula, ni chisulo chabwino ichi."

Ine magazi anawira. Ndinagwada, popeza ulemu ndi ulemu ngakhale ukupsa mtima.

"Apongozi, pepani. Icho si cha malemu, ni cha sukulu, banangomubwereka. Ndiponso ni chinthu chimozi, sichigawika."

"Chimozi bwanji?" anatero ba Yotam. "Ine niona vitatu. Kapena maso yanga yakalamba?"

Anthu anaseka, pa maliro!

"Imwe ba Jennifer ndimwe ba kuchikazi," anapitiriza. "Pano mulibe pakamwa. Vonse vili m'nyumba ya mwana wathu ni va mwana wathu."

Ndinayang'ana kukhomo. Perpetua anali atadzutsa mutu, ndipo ndinaona kuti akufuna kuyankhula. Dainess, mlongo wa malemu, anamuonanso.

"Onani mulamu wanu!" anakuwa. "Mwamuna akalibe kuzizira m'manda, maso yali kale pa katundu. Tinakamba ise!"

Perpetua anaweramitsanso mutu. Lole inanyamuka iye akuyang'ana pansi. Kunena zoona, tsiku limenelo ndinadana nawo mwambo wathu ndi mtima wanga wonse.

Anamumasula patapita masiku, atamumeta n'kumuveka zakuda. N'kuti mayeso ali Lachisanu la sabata yomweyo. M'mawa mwake tinakwera minibasi mpaka pomwe imathera, kwinako n'kuyenda pansi m'matope, popeza mvula inali itagwa sabata yathunthu.

Tinayambira kwa ba Lawson. Tinawapeza atakwiya kale, ngati olakwa ndife. Anali atamangirira eriyo pa nsungwi, n'kudula chingwe cha sikirini kuti alumikize ku batire ya galimoto.

"Tivi yanu ni yakufa," anatero. "Tengani, yanidyela chabe nthawi."

Perpetua anayang'ana chingwe chodukacho, n'kundinong'oneza kuti chimenecho angathe kulumikiza. Kwa Dainess tinayamba talandira mawu otukwana, tinangowameza. Pomaliza anatiponyera kiyibodi ija, ati taipi yanji yopanda polowetsa pepala. Tinatuluka ine nditasenza sikirini, Perpetua atakumbatira kiyibodi pachifuwa, ndipo kwa nthawi yoyamba chimwalirireni mwamuna wake ndinamuona akuyenda mofulumira.

"Chasala ni bokosi, ba Jenny," anatero. "Tikalipeza chabe, mawa nizachezela ku golosale kuilumikiza. Nizakwanisa."

Ba Abraham amakhala kumapeto kwenikweni, kupitirira minda ya kabichi. Eni ake kunalibe. Tinapeza mkazi wawo Tisauke, munthu wabwino mtima, amene anatilandira ndi misozi, kutiyalira mphasa, kutipatsa madzi. Perpetua atafunsa za bokosi, nkhope ya Tisauke inawala.

"Lilipo, mulamu, tilisunga bwino maningi. Bwelani muone."

Anatitengera kukhitchini. Bokosi lija linali pakona, ataligoneka cham'mbali, chivundikiro chake atachotsa. M'kati munali udzu wouma, ndipo pa udzupo panali nkhuku ikufungatira mazira.

Perpetua anaima chilili.

"Nanga vamukati?" anafunsa, mawu ali pansipansi.

"Vija vinyalala volasa? Batate bake bana banavichosa na pulayala. Vinalimba, mwe! Vinangu banachita kuthyola. Tinataya ku dzala."

Ananena zimenezi mosabisa, ngati munthu amene wakusesera pabwalo. Ine ndinafuna kumukalipira, koma ukalipira chiyani munthu amene sakudziwa n'komwe chomwe wachita?

Perpetua anandipatsa kiyibodi, n'kupita kuseri kwa nyumba. Ndinamupeza atagwada m'dzala ndi zakuda zakezo, akufukula phulusa lonyowa ndi makoko a maungu ndi manja. Anatulutsa kachidutswa kobiriwira kothyoka pakati, kenaka mawaya, kenaka kachidutswa kena kodzaza matope. Ankaziika pa mwendo wake chimodzichimodzi, akuziyang'anitsitsa. Ndinamufunsa ngati pali chomwe chingapulumuke. Anapukusa mutu.

Tisauke anabwera n'kuima pambali pathu, akupotokola manja. Tsopano anali ataona kuti china chake chalakwika, koma sankadziwa kuti n'chiyani.

"Mulamu, musadandaule," anatero. "Bokosi ni yanu. Tunkhuku tukangoswa chabe, nizakubwelesela nekha."

Apo ndi pomwe mng'ono wanga analira. Analira mokweza ali m'dzalamo, akuitana mwamuna wake ndi dzina, mpaka anthu a m'minda yoyandikana anasiya makasu kubwera kudzaona ngati kwagwanso maliro ena. Inenso ndinakhala pansi m'matopemo n'kulira naye. Zinandiwawa, ndipo mpaka lero zimandiwawabe.

Lachinayi ndinamukakamiza kuti tipite m'tauni tikafotokoze. Ba Chipasha anatimvetsera mpaka kumapeto, anavula magalasi, napepesa maliro. Koma makinawo sanali awo, anali a eni sukulu, ndipo eni sukulu anati wophunzira abweze kaye kompyuta yathunthu, za mayeso zidzakambidwa pambuyo. Akanaitenga kuti mayi wamasiye amene ngakhale bedi analibe? Ku ofesi ya alimi kuja anayembekezako pang'ono, kenaka analemba munthu wina wochokera ku Lusaka.

Lachisanu la mayesolo ndinadzuka mamawa kupita kwake, poopa kuti mwina sadzuka n'komwe. Ndinamupeza ali pakhomo, akukhomerera khasu mu mpini. Kumsewu minibasi inaliza hutala, kondakitala akukuwa, "Tauni! Tauni!" Perpetua anaimitsa dzanja n'kumvetsera mpaka inapita.

"Ba Jenny," anatero osandiyang'ana, "milisi yazaza maudzu. Bana bazafuna kudya."

Anaika khasu paphewa n'kulowa m'munda wa chimanga kukapalira. Ine ndinabwerera kunyumba kukatenga langa.