Mwala wa a Yeremiya

Mwala umene unaletsa amuna anga mowa unatuluka m'munda mwathu mwa mbatatesi ku Kaphuka. M'mundamo miyala yonyezimira sisowa: yoyera ngati mchere, yapinki, ina yoderako ngati utsi. Timangoiponya m'malire. Koma uwu unali wa mtundu wa maluwa a jakaranda, wansonga, kukula ngati chala chachikulu.

A Yeremiya, amuna angawo, anakauonetsa kwa a Rafaelo, akatekisiti opuma a ku Bembeke. Iwo anati miyala yonseyi ndi ya banja limodzi, imangosiyana mtundu, ndipo wotere ndi umene amaika pa mphete za maepiskopi. "Akale a kunja ankati wokhala nawo saledzera," anatero akuseka. Amuna anga sanaseke. Anaumanga pa kansalu, nauika m'thumba la jekete, ndipo kachasu anamusiya tsiku lomwelo.

Zaka ziwiri zinatha osalawa dontho. Tinafolera nyumba ndi malata. Mwana wathu Tony anabwerera kusukulu.

Chimene chinkandiwawa ndi pakamwa pawo. Kumphakati, kumaliro, paliponse: "Mwala uwu ndi umene unandipulumutsa." Ine amene ndinkawatola m'ngalande, ine amene ndinkachapa masanzi awo kwa zaka khumi, dzina langa silinkamveka.

Loweruka lina ndikuchapa jekete ija, ndinaupeza. Mbaula inali pafupi, makala ali psuu. Ndinauponyamo. Si ngozi ayi, ndinachita dala. Ndinkafuna udzade ndi mwaye, aone kuti ndi mwala basi. Moto utazima ndinaupukuta. Unali wachikasu ngati tiyi wosungunula, ndi mng'alu pakati. Ndinatsuka ndi sopo, ndi phulusa, ndi mandimu. Sizinathandize. Ndinaumanganso pa kansalu paja n'kubwezera m'thumba.

Anaumasula Lamulungu m'mawa tikukonzekera ku Misa.

"Mayi a Tony, taonani."

"N'chiyani?"

"Wafa. Mphamvu yake yatha."

"Mwina wangokalamba," ndinatero ndikumanga duku, maso ali kukhoma.

Mpata wonena zoona unali pamenepo. Ndinaulola udutse. Ku Misa ndinaimba nawo kwaya, mawu osanjenjemera n'komwe.

Masiku anayi anapirira. Lachinayi masana anabwera nawo pa wilibala anyamata a kumsika, nsapato imodzi itatayika. Tony anawayang'ana, n'kulowa m'nyumba.

M'mawa mwake ndinawapatsa phala, n'kukhala pansi patsogolo pawo.

"Bambo a Tony, mwala uja sunafe wokha. Ndinauotcha ine pambaula."

Anasiya supuni. Ndinkayembekeza mbama, ndipo mwina ikanandipepukira.

"Chifukwa chiyani, Felista?"

"Munkauthokoza kwambiri."

Kenako anati, "Ndiye mwalawo sunanditaye. Munachita kuupha." Anamaliza phalalo, n'kupita kukagona.

A Rafaelo nditawafotokozera anagwira pakamwa. Anati moto umasanduliza mwala wotere kukhala wachikasu, ndipo subwereranso. Anapita kukawauza a Yeremiya kuti zaka ziwiri zija anazipirira okha, mwala unalibe kanthu. Amuna anga anangoti zikomo. Madzulo ake anapitanso kumsika kukamwa.

Tsopano ndimalawirira kumunda ndi khasu ndi chitsulo, kukumba m'mphepete momwe unatuluka mwala uja, kufunafuna wina wa mtundu womwewo. Anthu akuti ndayamba geni ya miyala. Pakhonde pali chitini chodzaza: yoyera, yapinki, yautsi. Madzulo aliwonse a Yeremiya amadzasanthula m'chitinimo ndi chala, umodzi umodzi, kenako amavala jekete n'kutuluka.