Ndime Yachinayi ya ku Chipata

Goliati ananena poyera kuti Davie aisiye nkhani ya kaseti ya ku Chipata. Anali atawerama pa benchi yake yokonzerapo mawailesi mumsika wa pa Boma, akumangitsa chivundikiro cha wailesi ya kaseti ya mnzake Davie.

"Kaseti imeneyo ili ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo mumamudziwa," anatero Goliati. "Alamu ali apawa, musadzati sindinanene."

Davie anaseka, anyamata ogulitsa machaja pafupipo anasekanso. Consolata, mkazi wa Davie, anakonza nsalu imene anaberekera Ulemu nayang'ana kumbali ngati sanamve.

Davie ankagwira ntchito pa boda, kuthandiza madalaivala a mathiraki mapepala a katundu. Koma mtima wake unali pa nyimbo za Msewu wa Fumbi, sewero limene linkaonetsedwa pa TV iye ali mnyamata, masiku amene ana ankakaonera pa windo la aphunzitsi. Sewerolo linatha kalekale. Nyimbo zake Davie anali nazo mitundu itatu: kaseti yoyamba ya chikuto chachikasu, CD imene inatuluka pambuyo pake ku Lilongwe, ndi zina za pa fulashi zimene munthu wina anajambula pa TV, agalu akumveka kuuwa mkati. Loweruka masana ankaziika motsatizana, n'kumalemba m'kope lake kusiyana kwake. Pa CD anadula gitala woyambira. Pa kaseti woimba amapuma kawiri asanayambe ndime yachitatu. Zimenezi ankazimva munthu amene anatenga sabata yathunthu osaona kuti Ulemu wamera dzino.

Consolata anazolowera kugawana mwamuna ndi nyimbo. Anazimva kambirimbiri akuchapa matewera, mpaka ankazidziwa zonse pamtima, ngakhale sankaziimba.

Kenako pa gulu la WhatsApp la okonda sewerolo wina analemba kuti ku Zambia kunatulukanso kaseti ina, yoimbidwa m'Chinyanja cha kumeneko, ndipo nyimbo yotsegulira ili ndi ndime yachinayi imene kuno sinamvekepo. Amene ankadziwika kuti ali nayo anali mmodzi: Veronika, wogulitsa zitenje wa ku Chipata. Inali ya malemu mchimwene wake. Sankabwereketsa, sankalola kuti munthu aijambule pa foni. Wofuna kumva ankayenera kupita kunyumba kwake kukakhala pa mpando.

Veronika anaphunzira sekondale ndi Davie. Consolata anabwera ku Mchinji kuchokera ku Zomba zaka ziwiri zapitazo, koma amayi a pa mjigo anali atamuuza kale kuti awiriwo ankayenda limodzi, ndi kuti ukwati wa Veronika ku Zambiako unatha. Consolata anamuonapo kamodzi pa boda, wamtali, woseka mokweza, akuitana Davie ndi dzina lake lokha, osati a Davie.

Tsiku limene anachoka kwa Goliati lija, Davie analonjeza yekha asanafunsidwe kuti ku Chipata sadzapondako. Anati kaseti si chinthu chosokonezera banja. Consolata anavomera ndi mutu. Komabe anayamba kuyang'ana nsapato zake akabwera, kununkhiza malaya asanawaviike, kusuzumira wotchi minibasi ikaima pa msewu. Sanapeze kanthu. Kusapeza kanthuko kunkamusowetsa mtendere kuposa kupeza.

Lamulungu lina atachoka ku misa, Davie anapita kukasamba n'kusiya foni pa mpando. Inalira kamodzi. Consolata anali akumwetsa Ulemu phala. Anadziuza kuti saigwira, ndiye anangoweramira. Dzina linali lakuti Vero Kaseti. Uthenga unali liwu limodzi lokha: Niyembekeza.

Supuni inagwera pansi. Ankadziwa kuti a ku Zambia amati ni pamene kuno timati ndi. Zotsalazo anazimva bwino, chifukwa ndi mawu amene namwino anamuuza iye mwini ku sikelo, ndi amene analembera amayi ake ku Zomba. Anayamba kuwerenga miyezi ndi zala, osadziwa n'komwe poyambira.

Davie atalowa ndi thaulo paphewa anamupeza ataima pakati pa chipinda, foni ili m'manja.

"Bambo a Ulemu, ali ndi miyezi ingati?"

Davie sanamvetse. Anatenga foni, nawerenga, nayang'ana mkazi wake, kenako anaseka mpaka kukhala pansi. Anafotokoza kuti ku Zambia kuyembekeza ndi kudikira basi, ngati kudikira minibasi. Anati anangofunsa dzina la nyimbo yotsegulira pa kaseti ya kumeneko kuti alembe m'kope, ndipo limenelo ndi yankho. Kuno imati Ndidikira, uko imati Niyembekeza.

"Inu a ku Zomba Chinyanja chinakupitani kumbali," anatero akupukuta misozi. "Ndikamuuza Goliati agwa pa benchi."

Consolata anamva manyazi, ndipo pansi pa manyaziwo panali mpumulo wotentha. Anafuna kuseka naye. Anangoti sakukhulupirira, pofuna kuti amunyengerere pang'ono.

Ndiye Davie, pofuna kutsimikiza, anaimba. Anayamba ndi ndime yoyamba, niyembekeza pa mlatho, fumbi ikasila nizakuona, kutanthauza fumbi likatha. Anaimba bwino, akugogoda bondo ndi zala. Anadutsa yachiwiri, yachitatu. Pamene pa kaseti yachikasu ng'oma zimalekera, iye sanaleke. Anatseka maso napitiriza: ukabwela usagogode, chitseko nasiya chosakhoma.

Anatsegula maso akumwetulira. Consolata sanali kumwetulira.

"Imeneyo ili pa iti?" anafunsa. "Pa yachikasu palibe. Pa CD palibe. Pa ya agalu palibe."

Davie anayang'ana foni. Anati wina anaitumiza pa gulu. Consolata anamukumbutsa kuti mwini wake salola kujambula, ndipo ndi iye yemwe anadandaula zimenezo masabata awiri. Ndiye anati Veronika anamuimbira pa boda, pa mzere wa zitupa. Consolata anafunsa ngati pa mzere wa zitupa munthu angaphunzire ndime zinayi ndi malo opumira omwe.

Ulemu anamenya mbale ndi dzanja, phala linatayikira pa mkeka. Palibe anapukuta.

"Ndinapita kawiri kokha," anatero Davie motsitsa mawu. "Masana. Ndinakangomvera, Conso. Kaseti ija yatha, mwina chaka chamawa sidzalira. Ukanandilola?"

Anafotokoza zambiri. Anati mng'ono wake wa Veronika anali pomwepo tsiku loyamba. Za tsiku lachiwiri sananene, ndipo Consolata sanafunse. Anati pa kaseti ya ku Zambia gitala ndi wina, wolira mopyapyala, ndipo polankhula za gitalayo nkhope yake inawala pang'ono iye osadziwa. Consolata anaiona. Anaganiza za mpando wa ku Chipata uja, ndi mkazi wodzuka kukatembenuza kaseti, awiri akudziwa mawu amene iye, wochapa matewera pansi pa nyimbo zomwezo, anawamva lero koyamba.

Madzulo anaphika monga mwa masiku onse. Davie anadya pang'ono, nasewera ndi mwana nthawi yaitali kuposa kale, n'kumayang'ana mkazi wake mwakabisira. Anati ngati akufuna afufuta nambala ija pompano. Consolata anati mwini foni ndi Davie.

Anaanula zovala za Ulemu zisanaume bwino n'kuzipinda m'chikwama, pamodzi ndi buku la kuchipatala. Anatuluka kuseri kwa nyumba naimbira mkulu wake Catherine, amene ankaphunzitsa ku Guilleme. Anamuuza kuti asatuluke m'mawa kwambiri, akubwera ndi mwana. Catherine anafunsa kuti kwagwanji.

"Ndidzakuuzani ndikafika. Ndikwera minibasi yoyambirira, kusanache."

Atalowa anapeza Davie ataima pafupi ndi chikwamacho, mwana ali m'manja. Anafunsa kuti adzabwera liti. Consolata anatenga mwana m'manja mwake, namupukuta pakamwa.

"Mudikire," anatero.